Zolemba za ntchito yokonzekera parishi yatsopano kumpoto kwa Kamuzu Road, Salima

Okutobala 2022

Komiti ya zomanga yandisankha kuti ndizilemba momwe ntchito ikuyendera, kuti ana a kuno amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni azidziwa komwe thandizo lawo likupita, ndiponso kuti ife a pompano tisamangomva za m'maluwa. Ndiyambe ndi komwe tachokera, chifukwa ambiri mwa amene tikupemphera nawo lero anabwera dzanadzanali.

Tchalitchi chathu ndi nthambi ya parishi ya pa boma. Chinabadwa mu mphakati umodzi wokha, mabanja owerengeka amene ankakumana pakhonde la mayi wina wamasiye kumva Uthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo, kupemphera kolona ndi kusonkha kangachepe ka pamaliro. Nthawi imeneyo kuno kunali minda ya thonje ndi chimanga. Lero minda ija ndi mapuloti. Kwadzaza nyumba za lendi, ndipo okhalamo ndi aphunzitsi, anamwino, akabaza, amayi ooda usipa ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndi ena ogwira ntchito kufakitale ya shuga. Mphakati uja unagawika, yogawikayo nayonso inagawikanso. Katchalitchi kamene anatimangira makolo sikakutikwananso. Lamulungu anthu amasefukira mpaka pansi pa mtengo wa mango, ana a Tilitonse, gulu la ana ophunzira za chikhulupiriro, amaphunzirira padzuwa, ndipo dzuwa la Salima nonse mukulidziwa.

Wansembe amatiyendera kamodzi pamwezi. Masabata enawo a Katekisiti ndiwo amatsogolera mapemphero. Chimene chimandiwawa ine kwambiri ndi odwala. Munthu akatsala madzi amodzi usiku, pamene uthenga ukufika kuparishi n'kuti wansembe ali kunthambi ina kutali, ndipo taika m'manda akhristu okhulupirika amene anapita osadzozedwa mafuta. Pempho lofuna parishi lachokera pamenepo.

Mpingo wa Katolika m'chigawo chino unazika mizu ndi ansembe a White Fathers, amene anatsegula Mua mu 1902. Koma kayendetsedwe ka mpingo kamene ife takuliramo ndi ka Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 n'kuitanitsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975. Mawu aja akuti "Mpingo ndife tonse" anamveka kuchokera kumeneko, pamodzi ndi miphakati komanso chiphunzitso chakuti mpingo uzidzidalira, uzidzitumikira ndi kudzifalitsa wokha. Ndikukumbutsa zimenezi chifukwa pamsonkhano ena anati tingolembera kalata kunja, atimangire. Kalata tikhoza kulemba, koma ntchitoyi ndi yathu.

Disembala 2022

Kolera yavuta m'mbali mwa nyanja muno. Tasiya kupatsana moni wa mtendere ndi manja, ndipo pakhomo la tchalitchi taika ndowa ya madzi a kolorini. Msonkhano waukulu unachitikabe, koma panja.

Bambo Mfumu anatimasulira bwino kuti parishi sitidzipatsa tokha. Malamulo a Mpingo, pa kanoni 515, amati woikhazikitsa ndi episkopi wa dayosizi yekha, ndipo amatero atamva kaye maganizo a bungwe la ansembe ake. Kwa ife ndi Ambuye George Desmond Tambala, amene akutsogolera Arkidayosizi ya Lilongwe kuyambira 2021. Parishi iyeneranso kukhala ndi komiti yake ya zachuma ndi mabuku ake a ubatizo, a maukwati ndi a omwalira. Kenaka Bambo anatchula zitatu zimene anati ife tiziyang'ane ndi maso awiri: malo okhala ndi mapepala, nyumba yogona wansembe, ndi mphamvu zomudyetsa wansembeyo mwezi ndi mwezi popanda kupemphetsa.

Mkangano unabuka pamenepa. A Tcheya a tchalitchi kanselo anafuna tiyambe ndi tchalitchi chachikulu. "Bambo, anthu amapereka akamaona khoma likukwera. Nyumba ya munthu mmodzi aisonkhere ndani?" Mfundo yawo si yopanda nzeru, anthu athu timawadziwa. Koma mayi wina wachikulire wa Legio ya Maria anaimirira n'kuti, "Inu a Tcheya, tikamanga chitchalitchi chachikulucho, wansembe n'kumabwerabe kamodzi pamwezi, tapindulanji? Pansi pa mango tinazolowera. Tiyeni timupezere pogona kaye." Tinaponya mavoti, ndipo nyumba ya ansembe inapambana, ngakhale mosasiyana kwenikweni. Ine ndinali mbali ya mayiwo ndipo ndidakali komweko. A Tcheya anavomera zotsatira, n'kukhala oyamba kulembetsa matumba a simenti.

Epulo 2023

Miyezi inayi yathera pa nkhani ya malo. Malo amene pali tchalitchi anaperekedwa pakamwa ndi agogo a banja lina, mboni zake zambiri zinatsikira kuli chete. Pamene kuno kunali tchire palibe amene ankafunsa malire. Tsopano puloti ili ndi mtengo, ndipo adzukulu ena anayamba kunena kuti agogo awo anapereka poimika tchalitchi pokha, osati mpaka kumango.

Tinakhala pansi kwa a Gulupu. Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wachisilamu, woyandikana nafe, amene anali mnyamata pa tsiku loperekera malowo. Anatiyendetsa phazi ndi phazi: kuchokera pachulu, kutsata mzere wa khonje, kukakhota pachitsa cha msangu chimene ambiri tinkangochidumpha osadziwa kuti ndi malire. Adzukulu aja atamva anagonja, ife tinawasiyira mitengo iwiri ya mango ya kumalire kuti azithyola zipatso. Pano taika mabikoni a simenti ngodya zonse. Kuyambira pamene lamulo la malo a mafumu la 2016 linabwera, kudalira mawu a pakamwa n'kudziika pamoto, choncho mapepala tawapereka kwa Bambo Mfumu kuti malowa alembetsedwe m'dzina la arkidayosizi, osati la komiti kapena la munthu.

Julayi 2023

Maziko a nyumba ya ansembe akumbidwa.

Tinayamba takangana za njerwa. Achinyamata anali okonzeka kuumba ndi kuotcha okha, zimene zikanatipeputsira mtengo. Koma uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo aliyense amene wayenda msewu wa ku Lilongwe waona mmene mapiri ayerera. Kuyambira 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za mabungwe, ndipo kalata ya Papa Fransisko ya 2015 yonena za kusamalira chilengedwe tinaiwerenga tokha m'miphakati. Sizikanaoneka bwino kuiwerenga Lachinayi n'kukagwetsa misangu Loweruka. Tasankha mabuloko a simenti, oumba tokha pamalo pompano ndi chikombole chobwereka. Achinyamata aja ndi amene akuumba, amayi a bungwe la Amayi Achikatolika akutunga madzi othirira. Buloko imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, ili pamthunzi kapena yofunditsidwa udzu. Ikauma msanga ndi dzuwa imafumbutuka m'manja.

Mmisiri wathu ndi bambo wofatsa, wosalankhulalankhula, koma pa mchenga sanyengerera. Ngolo yoyamba itafika anatapa mchenga m'botolo loyera mpaka theka, anathiramo madzi ndi kamchere pang'ono, anakhutchumula n'kuliimika pamwala. Patapita maola angapo anatiitana. Pansi panali mchenga, pamwamba pake panakhala kamzere kokhuthala ka matope, pafupifupi chala chimodzi. "Uwu ayi, a Sekeletale. Simenti yanu idzagwira matopewa m'malo mogwira mchenga." Tinaubweza. Wa kunyanja nawonso anaukana kuti ndi wosalala kwambiri, ngoyenera pulasitala basi. Tikutenga wa kumtsinje, wokhakhala, umene umalira ukaufinya m'dzanja.

Dothi la mbali ya kumadzulo kwa puloti ndi makande, lakuda, losweka ming'alu m'chilimwe ndi kufufuma m'dzinja. Nyumba zambiri za kuno zang'ambika makoma chifukwa cha dothi limeneli. Mmisiri anakumbitsa mpaka anapeza dothi lolimba, anayala konkire ya muyezo wa 1:3:6, ndiye kuti simenti imodzi, mchenga itatu, miyala isanu ndi umodzi, n'kuikamo zitsulo. Tathiranso mankhwala a chiswe ndi kuyala pepala lakuda la pulasitiki tisanathire silabu. Ena anadandaula kuti ndalama zambiri zakwiririka pansi pomwe palibe adzazione. N'zoona, zakwiririka, ndipo komiti ikuvomereza ndi mtima wonse.

Novembala 2023

Pa 9 mwezi uno kwacha yagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chaka chathachi mu Meyi inagwanso ndi 25 peresenti. Ndalama za Pepala Sande, Lamulungu lapadera losonkhera ndalama za ntchitoyi, zimene tinasunga kuti tigulire zinthu mvula ikatha zachepa mphamvu tili m'tulo. M'masitolo a zomangira mitengo inasintha tsiku lomwelo, ena anatseka kaye kuti awerengere bwino.

Tagwirizana kuti kuyambira lero ndalama ya zomanga isamagone. Ikalowa, sabata yomweyo isanduke katundu. Koma katundu wake tisankhe: simenti siisungika m'chinyezi cha kunyanja kuno, miyezi iwiri itatu yaundana. Choncho tikugula zosawola, zitsulo za Y12, waya, misomali, mafelemu a zitseko ndi mawindo. Zili m'sakiristiya, makiyi ali ndi anthu awiri osiyana, ndipo buku la katundu limawerengedwa pamaso pa mpingo Lamulungu loyamba la mwezi. Amene muli kutali, zithunzi za malisiti zikumatumizidwa pa gulu lathu la WhatsApp.

Malichi 2024

Ntchito yaima, khoma lili pa windo.

Madzi osefukira avuta ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, anthu ali m'misasa. Kwinaku ng'amba yapsereza chimanga, ndipo pa 23 mwezi uno mtsogoleri wa dziko walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. M'miphakati yathu muli mabanja amene ayamba kale kudya kamodzi patsiku. Kanselo yagamula kuti chopereka chapadera cha nyengo ya Lenti chipite kwa ovutika, theka kwa abale a ku Dwangwa kudzera kuparishi, theka kwa okalamba ndi amasiye a konkuno. Pa zomanga sitipempha kanthu mpaka anthu atakolola. Pali amene akhumudwa, akuti tikazizira sitidzayambanso. Ine ndikuti khoma lidikira. Pamwamba pake taphimba ndi mapepala kuti mvula isalowe m'mabowo a mabuloko.

Ogasiti 2024

Masika a chaka chino anali ochepa, monga tinkayembekezera. Poti simenti sitikanakwanitsa, miyezi imeneyi tagwira ntchito ina yosafuna ndalama, ndipo ndikuona kuti ndi imene yatiphunzitsa zambiri kuposa zonse.

Choyamba ndi kalembera. Atsogoleri a miphakati anayenda khomo ndi khomo kulemba akhristu, masakramenti amene analandira ndi komwe anabatizidwira. Zimene tapeza zatitsegula maso. Obatizidwira kuno ndi ochepa. Makadi a ubatizo akuchokera ku Mua, ku Bembeke, ku Mtendere, ku Likuni, ku Nambuma, ku Mpherere, ena kummwera ndi kumpoto. Ambiri ndi a lendi, amene amasamuka mwininyumba akakweza mtengo, ndipo amachoka mu mphakati wina kulowa wina popanda wodziwa. Tapeza mabanja ambiri osadalitsa ukwati, amene akhala zaka osalandira Ukaristia, osati chifukwa chokana koma chifukwa choopa kuti ukwati wa kutchalitchi umafuna holo, keke ndi magalimoto. Tapezanso achinyamata akuluakulu osalandira sakramenti la Ulimbitso. Kumudzi munthu wotere amadziwika, ankhoswe ndi a Katekisiti amamulondola. M'dera ngati lathu lino, lomwe si mudzi komanso si tauni, munthu amatha kusowa ali pakati pa anthu.

Agogo ena a mu mphakati wa kufupi ndi njanji atafunsidwa za khadi, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini. M'kachitinimo munali pepala la shuga lopindidwa kanayi, m'kati mwake khadi lofiirira, lothetheka m'mphepete, mawu ake osindikizidwa m'Chilatini, dzina lawo lolembedwa ndi inki yomwe yayamba kufufutika, ndi chidindo cha ku Mua. Anakana kulipereka m'manja mwa mnyamata wolembayo. "Mwana wanga, ungowerenga ndili chigwirire. Limeneli ndidzapita nalo." Tinalijambula pa foni ali chigwirire choncho.

Chachiwiri ndi chimene tachitcha kuyesa mtolo. Bambo Mfumu anatiuza mosabisa zimene nyumba ya wansembe imadya pamwezi: ufa, ndiwo, sopo, magetsi, madzi, malipiro a wophika ndi mlonda, mafuta a njinga yamoto, vinyo ndi hostiya za pa Misa, kuphatikizapo gawo limene parishi iliyonse imapereka kudayosizi. Tinagwirizana kuti tiyambe kusonkha zimenezi panopa, ngati kuti wansembe wafika kale, miphakati izisinthana mwezi ndi mwezi, ndipo zosonkhedwazo zizipita kunyumba ya ansembe kuparishi. Mwezi woyamba zinayenda bwino, amayi anapita akuimba, atasenza malichero a ufa, mpunga wa ku Lifuwu ndi nkhuku. Mwezi wachitatu mphakati umene unali pa mzere unabweretsa theka. Wachinayi zinasoweratu. Pamsonkhano wounikira bambo wina wachikulire anangoti, "Walira mvula walira matope," anthu n'kukhala chete.

Sitinawadzudzule a mphakati umenewo. Titafufuza tinapeza kuti ndi wa anthu a maganyu okhaokha, pamene wina uli ndi aphunzitsi ndi anamwino ambiri. Kugawa mtolo mofanana kunali kuwapondereza. Tsopano taphatikiza miphakati iwiriiwiri, wamphamvu ndi wofooka, ndipo amene alibe ndalama akubweretsa nkhuni, masamba kapena tsiku la ntchito. Mtulo, chopereka cha pachaka cha mkhristu aliyense, nawo tayamba kutolera pang'onopang'ono mwezi uliwonse m'malo modikira kumapeto kwa chaka. Kuyambira pamenepo sitinaphonyenso. Nditafunsidwa lero ngati tingathe kusunga wansembe, ndingayankhe kuti inde, ndipo ndingaonetse buku.

Novembala 2024

Khoma lafika pamwamba ndipo ring'i bimu yathiridwa. Mafuta a galimoto asowa m'dziko muno, mizere ili pa mafilingi siteshoni onse, choncho miyala ndi mchenga zabwera pa ngolo za ng'ombe. Khoma talikweza kuposa nyumba wamba chifukwa cha kutentha kwa kuno, mawindo ayang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo khonde lazungulira mbali ya kumadzulo. Mmisiri wamiza mawaya okhuthala m'konkire ya ring'i bimu kuti adzamangire mathirasi. Mwera wa mu Juni ndi Julayi komanso mphepo ya mvula yoyamba zasasula madenga ambiri kuno, makamaka okhomedwa ndi misomali yokha.

Meyi 2025

Papa Fransisko anamwalira pa 21 Epulo, Lolemba la Pasaka, ndipo pa 8 Meyi tinalandira Papa Leo XIV. Tinachita mapemphero onse awiri pansi pa mango, m'chaka chino cha Jubile.

Denga lakhomedwa, koma linachedwa ndi masabata angapo. Tinalipira malata a geji 28, sitolo ina n'kutitumizira opyapyala, atawamanga pakati pa abwino. Anazindikira ndi kalipentala, pongonyamula limodzi n'kumva kupepuka kwake ndi mmene likugwederera. Tinawabweza onse. Mwini sitolo anayamba wakana, koma titamuonetsa lisiti lolembedwa geji yake anasintha. Amene mukumanga kwanu, muzionetsetsa kuti geji yalembedwa pa lisiti, ndipo mtolo muziumasula musanatsitse.

Maukwati amene kalembera anavumbula aja tawadalitsa pamodzi pa Misa imodzi, Loweruka la sabata yachiwiri ya Pasaka. Panalibe holo. Mphakati uliwonse unaphika mpunga ndi thobwa, kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, ndipo Lamulungu lotsatira mzere wa olandira Ukaristia unatalika moti Bambo anachita kugawa hostiya pakati.

Seputembala 2025

Chisankho cha dziko lonse chinachitika pa 16. Miyezi ya kampeni inatiyesa. Opikisana angapo anatumiza anthu awo kudzanena kuti ali okonzeka kumaliza nyumba yonse, bola apatsidwe mpata wolankhula pa Pepala Sande. Komiti inagawanika, chifukwa zotsala ndi zodula: siling'i, mawaya a magetsi, mapaipi, matailosi a kubafa. Tinapita kwa Bambo Mfumu, ndipo yankho lawo linali lalifupi: aliyense ndi wolandiridwa kudzapemphera ndi kuponya m'mbale monga mkhristu wina aliyense, koma dzina silitchulidwa ndipo maikolofoni saperekedwa. Mmodzi yekha ndiye anabwerabe. Mu mpingo mwathu muli anthu a zipani zonse, ndipo wansembe wogona m'nyumba yodziwika kuti anamanga ndi uje sangalalikire momasuka za katangale. Pa chifukwa chimenechi nyumba yachedwa, ndipo ine sindikudandaula nazo.

Novembala 2025

Pulasitala yatha mkati ndi kunja. Zitseko zakunja zaikidwa mvula isanayambe, zamkati zikudikira. Chimbudzi ndi thanki yake zakumbidwa kutali ndi chitsime, chifukwa madzi a pansi kuno ali pafupi. Mafomu opempha magetsi ndi madzi a m'mipope taperekanso. Zotsala ndi siling'i, penti, magalasi a mawindo a kuchipinda chochezera, ndi kachipinda kopempherera kamene Bambo anatilangiza kuti tisakaiwale.

Kalata yopempha parishi yalembedwa ndipo yasainidwa ndi kanselo. Taphatikizapo zotsatira za kalembera, buku la kuyesa mtolo, mapepala a malo, ndi mapu a malire amene tikuganizira. Ipita kwa Ambuye Arkiepiskopi kudzera kwa Bambo Mfumu ndi parishi kanselo, chifukwa parishi yotibala nayonso iyenera kunenapo: ikatitaya itaya gawo la mtulo wake, ndipo nthambi ziwiri za kumidzi zimene zingagwere mbali yathu ziyenera kufunsidwa kaye ngati zikufuna. Bambo atichenjezanso kuti yankho likhoza kukhala lakuti tiyambe ngati parishi yoyembekezera, imene malamulo amailola pa kanoni 516, kapena kuti tidikire mpaka papezeke wansembe woti atumizidwe. Komiti yavomereza kuti chilichonse mwa zimenezi tidzachilandira, ndipo kuyesa mtolo kupitirira.

Dzina la woyera wotiyang'anira sitinagwirizanebe. Amayi akufuna dzina la Amayi Maria, achinyamata akufuna mmodzi mwa Amartiri a ku Uganda, ndipo tatumiza nkhaniyi kumiphakati kuti ikambidwe m'nyengo ya Adventi, mayina atatu adzapite kwa Ambuye kuti asankhe. A Tcheya abweretsa kale pulani ya tchalitchi chachikulu chija, ndipo ulendo uno palibe wowatsutsa. Mmisiri akayeza malo ake Loweruka likudzali, kum'mawa kwa mtengo wa mango kumene dothi lake si makande. Achinyamata a miphakati ya kumsika ndi ya kunjanji, bwerani ndi zikwanje ndi makasu pofika 6 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere.